Chisanu cha M'denga la Tato

Kumgodi, kumpoto kwa Manitoba
18 Okutobala 1981

Wokondedwa mkazi wanga Lesia,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi mwana wathu Darka. Ine ndinafika bwino, ngakhale kandege kaja kanandivundula m'mimba mpaka ndinachita manyazi pamaso pa anthu. Nanga Tato ali bwanji? Usawafunse eni akewo, bambo anga aja ngakhale atathyoka mwendo angakuuze kuti nsapato yathina. Uzimvetsera chifuwa chawo m'mawa, undilembere zimene wamva ndi makutu ako.

Andipatsa chipinda chimodzi ndi mkulu wina wa ku Newfoundland, dzina lake Ambrose. Ndi munthu wabwino, koma mkonono wake umaposa thirakitala ya Tato. Chakudya n'chambiri, kungoti sichidziwika kuti anaphika ndi munthu. Dzulo anatipatsa zimene wophika akuti ndi mapirogi, timaphukusi tija ta ufa toika mbatata m'kati. Ndinadya chifukwa cha njala, ndikukumbukira ako aja a anyezi wokazinga.

Tsopano imva za kamakina konyowetsa mpweya kamene ndinamangirira pang'anjo yotenthetsera nyumba, poti ndinachoka mothamanga osakulongosolera bwino. Ukukumbuka zimene adokotala a ku Yorkton ananena. Mapapo a Tato anatha ndi fumbi la tirigu, ndipo mpweya wouma wa m'nyumba nthawi yozizira ndi umene ukuwamaliza. Ukudziwanso kuti mlongo wanga Stefania akungodikira kuti agonekedwe m'chipatala kamodzi kokha, awatengere kunyumba yosungirako okalamba. Ine ndinalonjeza pamaliro a Mama kuti Tato sadzachoka m'nyumba imene anamanga ndi manja awo. Ndiye kamakinako si chidole ayi. Ndinaponyapo madola 90, ndi masiku awiri ndili chogwada kuchipinda chapansi ndikuboola chitsulo.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. M'kati muli kadiramu kokutidwa ndi siponji, kamazungulira m'kabeseni ka madzi. Ng'anjo ikayaka, mpweya wotentha umadutsa pasiponjipo n'kunyamula chinyezi kupita nacho m'zipinda zonse. Madzi amabwera okha pakapaipi kakang'ono, ndipo akadzaza, kampira koyandama kamatseka, monga zimachitikira m'thanki ya chimbudzi.

Ntchito zako ndi ziwiri basi. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse uzizimitsa, uchotse kabeseni, utsuke ndi viniga, chifukwa madzi a kwathu ku Canora amasiya zoyera zouma ngati laimu. Yachiwiri, pambali pali kagudumu ka manambala koonjezerera kapena kuchepetsera chinyezi. Ndinakasiya pa 45, ndipo kakhale pomwepo.

Malipiro oyamba ndituma kumapeto kwa mwezi. Darka umugulire nsapato zenizeni za m'chisanu, osati zosiyidwa ndi ana a Stefania.

Ndine mwamuna wako,
Orest

15 Novembala 1981

Wokondedwa Lesia,

Kalata yako inafika Lachinayi, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Ine ndili gwa, kupatula milomo imene yang'ambika moti ndikaseka imatuluka magazi.

Ndinakuuza ine! Tato akugona mpaka kucha osatsokomola, kamfuno wawo wasiya, ndiye Stefania anenanso chiyani? Ndinaseka ndekha powerenga kuti Darka akudandaula poti mphaka wasiya kuthetheka timoto akamamusisita. Umuuze kuti mphakayo ndiye akundithokoza. Ndipo ngati mipata ya matabwa apansi yayambadi kutsekeka monga wanenera, ndiye kuti kamakinako kabweza kale mtengo wake.

Ndinamuwerengera Ambrose kalata yakoyo, mbali zowerengeka pagulu zokha. Iye amvekere, "Aise, ndiye iwe ndi dokotala tsopano? Nanga ife kuno ukutisiyiranji tikuuma ngati nsomba za kwathu?" Kuno aliyense amayanika thaulo lonyowa pachitsulo chotenthetsera chipinda, pofika m'mawa lauma moti ukhoza kuliimika pakona. Ndinamuuza kuti adzabwere ku Canora adzapume mpweya wa anthu. Akuti, "Ndidzabwera, koma ndidzatenga ambulera."

Wati mazenera akumachita thukuta m'mawa mpaka madzi kutsikira pamatabwa ake. Zimenezo zisakudetse nkhawa, ndiye kuti kakugwira ntchito. Uziyala nsanza m'munsi mwake. Tato akuti nyumba si bafa, akutinso ketulo yowira pambaula inawakwanira zaka makumi anayi. Uwauze kuti ketulo yomweyo ndi imene inawafikitsa kwa adokotala. Ayi, usawauze choncho. Ungoti ndawapatsa moni.

Kabeseni unatsuka? Siponji ikayamba kuuma ndi zoyera zija, kagule ina kusitolo ya zitsulo, ndi madola anayi. Utenge yakaleyo ukawaonetse, asakugwiritse ya saizi ina poona kuti ndiwe mzimayi.

Ife tikugwira pansi kwambiri mwezi uno, dzuwa ndimaliona Lamlungu lokha. Akapitawo akutithamangitsa kuti tikwanitse muyezo chaka chisanathe. Sabata yatha munthu wina anamukweza pamachira, koma za kuno si zolemba m'kalata. Ndakusowa, Lesia, makamaka nthawi ya chakudya cham'mawa, pamene kwathu aliyense amalankhula wina asanamalize.

Wako,
Orest

13 Disembala 1981

Wokondedwa Lesia,

Moni nonse. Ndamva kuti iwe ndi Darka chimfine chakusiyani, ndathokoza Mulungu. Usadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi. Dzanja lamanja ndinalipana pang'ono kuntchito, ndiye ndikulemba ndi lamanzere. Si nkhani yoti uuze anthu. Pa Khirisimasi yathu ya mu Januwale sindibwera. Ulendo ndi wautali, ndiponso otsala akuti awawonjezera malipiro. Darka umulongosolere mwanzeru.

Zimene walemba za Tato zandisowetsa mtendere. Wati kuzizira kwafika madigiri 35 pansi pa ziro, thukuta la pamazenera lasanduka madzi oundana okhuthala ngati chala, chitseko chakumbuyo chinamatirira mpaka unachithira madzi otentha. Wati chifuwa chawo chabwerera. Kenako kumapeto kwenikweni, ngati nkhani yaing'ono, wati m'mawa uliwonse ukumapeza kagudumu kali pa 20, iwe n'kubwezera pa 45, mawa lake kali pa 20. Ndiye kuti mdala uja akumatsika masitepe ndi mapapo akewo kukalimbana ndi kamakina kanga!

Taganiza iwe. Kunja kukazizira kwambiri ng'anjo imayaka osapuma, mpweya umauma kuposa kale. Nthawi imene munthu akufunika chinyezi kwambiri ndi imene iwo akukachepetsa? Chifuwacho chabwerera chifukwa cha zala zawo zomwezo. Madzi oundana a pazenera sanapherepo munthu, uzingowapala ndi mpeni wosathwa.

Osati sindiwamvetsa. Chipinda chapansicho anakumba okha ndi fosholo ine ndisanayambe kuyenda, ndipo lero mwana wawo wamangirira chinthu pang'anjo yawo osawafunsa. Nanenso zikanandiwawa. Koma ndikakhala pabedi pano ndimawaona ali kunyumba ya okalamba ku Yorkton, pamzere wa mipando yoyang'ana khoma, atavala juzi ya munthu wina imene yasokonekera kochapa, mtsikana wosawadziwa akuwatcha agogo mokweza ngati ndi ogontha. Mtima umandipweteka zedi. Bola andikwiyire ali m'khitchini mwawo.

Uwauze mwaulemu kuti ndapempha ine, kagudumuko akasiye. Akakana, undiuze.

Ndatumiza kabokosi ndi ndege ya Lachitatu. Chidole ndi cha Darka, magolovesi ndi a Tato, kansalu ka m'khosi ndi kako. Anasankha ndi Ambrose, ndiye ngati mtundu wake sunakusangalatse mlandu ndi wake.

Wako,
Orest

10 Januwale 1982

Wokondedwa Lesia,

Khristu wabadwa! Moniyu wachedwa ndi masiku atatu, koma ulandirebe. Ndinakondwa kumva mawu anu pafoni, ndiponso kumva Darka akuimba. Ine ndili bwino. Sitinamalize kulankhula chifukwa kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu khumi ndi awiri, aliyense akutsokomola mwadala.

Iwe unamva mbali ya Tato yokha, ndiye ndikuuze mmene zinayendera. Ndinati, "Tato, kagudumu kaja mukukagwiriranji?"

Iwo amvekere, "Iwe Orest, m'denga muja unakweramo liti?"

"Za denga zabwera bwanji? Ine ndikunena za chifuwa chanu."

"Utuchi wotchinga kuzizira uli pamwamba pa siling'i uja tinathira ine ndi amako, matumba makumi asanu ndi limodzi. Nyumba ili ndi polekezera pake. Kunja kukalusa umachepetsa."

"Tato, inu mumadziwa tirigu ndi ng'ombe. Makinawa ndi a masiku ano."

Kenako anati, "Chabwino, a injiniya," n'kukupatsira foniyo. Anthu a pamzere anamva zonse. Mpaka lero Ambrose akundiitana kuti a injiniya.

Tsopano nkhani ya loko amene ndinakupempha pafoni kuti ukhome kuti Tato asamatsikenso. Stefania wandilembera kuti sabata ya Khirisimasi Tato anaterereka pasitepe yachitatu kuchokera pansi, chigongono chinatupa. Iwe sunandiuze. Sindikukudzudzula, koma ukudziwa kuti akadzathyoka chiuno nkhani yatha, Stefania sadzafunsanso munthu. Pafoni unati, "Ine ndikhomere apongozi anga chitseko m'nyumba mwawo? Bwera udzakhome wekha." Ndikanakhala pafupi ndikanaterodi, sindikanakusenzetsa. Koma ndili kuno, ndipo wina ayenera kuchita.

Loko ali m'kabati ya m'galaja, pashelefu ya misomali. Ukhome chitseko chotsikira kuchipinda chapansi, kiyi uzisunga m'thumba la epuloni. Kagudumu ukweze pa 50 mpaka kuzizira kwakukuluku kudutse. Akafunsa, unene kuti ndalamula ndine, mkwiyo wawo ubwere kuno. Adzakwiya sabata imodzi, chifuwa chikaphwa adzaiwala.

Dzanja likupola. Andichotsa kaye pansi pamgodi, ndikugwira ntchito zopepuka pakampu pano. Anzanga a shifiti akumandipatsa moni waulemu kwambiri, ndipo ulemu umenewo sindikuukonda. Kabeseni usaiwale, mwezi uno Loweruka loyamba ladutsa kale.

Wako,
Orest

14 Febuluwale 1982

Lesia,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino m'thupi, koma mtima uli m'mwamba. Ukangowerenga kalatayi usayambe ntchito ina, tsika kuchipinda chapansi.

Sabata ino anandipereka kwa a Gaudry, bambo wachikulire amene amasamala ng'anjo zonse za pakampu, kuti ndiziwanyamulira zida. Dzulo tikukonza ng'anjo ya kukhitchini ndinayamba kudzitama za kamakina kathu. Ndinawauza zonse, mpaka za loko, ndikuseka. Iwo sanaseke.

"Wati pa 50? Kunja kuli bwanji kwanuko?"

"Mwezi wonse wa Januwale sikunachoke pa 35 ndi 40 pansi pa ziro."

"Nyumba yomangidwa liti?"

"1952. Pamwamba pa siling'i pali utuchi."

Anaika sipanala pansi. "Mwana wanga, mapepala a m'katoni ya makinawo unawerenga?"

Ndinati ndinayala pansi pogwadira. Iwo amvekere, "Safunsa anadya phula. Bambo akowo ndiwo injiniya, iwe ndiwe wonyamula zida, ngati kuno."

Akuti chinyezi sichikhala m'zipinda mokha. Chimakwera, n'kudutsa m'ming'alu ya siling'i ndi m'mbali mwa kachitseko kolowera m'denga, ndipo chikakhudza matabwa ozizira a denga chimaundana pomwepo. Tsiku ndi tsiku chisanu chimakhuthala m'mwambamo, okhala pansi osadziwa kanthu. Kukadzangofunda masiku awiri, chonsecho chimasungunuka nthawi imodzi. Akuti iwo anaonapo mvula ikugwa m'nyumba kunja kuli dzuwa. Lamulo lake ndi lomwe lija ananena Tato. Kunja kukafika 30 pansi pa ziro, kagudumu kakhale pa 15 basi. Pa 40 m'pa masiku ofunda okha. Ndipo mazenera akayamba thukuta, ndiye kuti nyumba ikukuuza kuti yakhuta.

Ndinathamangira kufoni, koma waya unaduka ndi mphepo kuyambira Lachiwiri. Ndege ya makalata inyamuka Lachitatu ngati nyengo ilola. Ndagwira njakata, Lesia.

Chita izi. Kagudumu utsitse mpaka pansi, utsekenso kampopi ka pakapaipi kaja. Upemphe mwamuna wa Stefania akwere m'denga ndi tochi. Akapeza chisanu achipale n'kuchitsitsa m'ndowa kusanafunde, ngakhale zitenge masiku atatu. Bedi la Tato ulisamutse, chifukwa chipinda chawo ndi chimene chili pansi pa kachitseko ka m'denga.

Loko uchotse. Koma usanene kuti ndalemba ndine, ungoti kiyi wakutopetsa. Ndidzalankhula nawo ndekha ndikapeza mawu ake.

Orest

7 Malichi 1982

Wokondedwa Lesia,

Kalata yako ndailandira dzana. Ndathokoza Mulungu kuti palibe amene anavulala, ndi kuti iwe ndi Darka muli bwino. Za ine usafunse.

Ndaiwerenga kanayi, mwina ndikaibwereza pano ndikhulupirira. Mphepo yofunda inabwera pa 22 Febuluwale. Tsiku lachiwiri madzi abulauni anayamba kudontha panyale ya pabalaza ndi kutsika m'makoma. Lachitatu m'mawa, mukumwa tiyi m'khitchini, siling'i ya chipinda cha Tato inagwa yonse pabedi pawo, ndi utuchi wonyowa wofika m'mawondo. Kalata yanga ija inafika pa 26.

Koma chimene chikundidya si siling'i. Wati sabata yomwe unakhoma chitseko ija Tato anatulutsa chithunzi cha Mama ndi bokosi la zovala zawo kupita nazo pabalaza, n'kuyamba kugona pampando wautali wa m'khitchini, akuti miyendo ikuzizira. Ndiye kuti ankadziwa kuti tsiku logwa siling'iyo likubwera, ndipo anasiya kutiuza. Wati kuyambira tsiku la loko ankalankhula ndi Darka yekha. Wati itagwa anaima pakhomo la chipindacho kanthawi, kenako anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kuimbira Stefania okha kuti adzawatenge, akawasiye kunyumba ya okalamba. Ine miyezi yonseyi ndimalondera Stefania, osadziwa kuti foniyo adzaimba ndi iwo.

Mawu ako aja sakundichoka m'mutu, akuti, "Chitsekocho ndinakhoma ndi dzanja langa, Orest, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawapatsa tiyi kiyi ali m'thumba mwanga." Pepa, Lesia. Unakana, ine ndinakukakamiza. Ukapita ku Yorkton uwauze zimenezo, ndipo ngati ukufuna uwaonetse kalata yanga ya mu Januwale.

Pali chimene sindinakuuze. Zala ziwiri za kudzanja lamanja sindibwera nazo, zinatsala pansi pamgodi pa 2 Disembala. N'chifukwa chake sindinabwere pa Khirisimasi. Sindikunena kuti undimvere chisoni, kapena kuti ndichepetse mlandu. Ndikungofuna udziwe mutu umene unkalemba makalata aja. Kuno munthu wa zala zitatu safunsidwa kanthu, amangomupatsa tsache. Ndikuganiza kuti kagudumu kaja ndi chinthu chokhacho chimene chinkandimverabe, ndiye ndinakakamira.

Wati ukufuna kukazula kamakinako n'kukataya kudzala. Ndikumvetsa, koma usatero. Miyezi iwiri yoyamba ija Tato anagona tulo timene sanagone zaka zisanu, ndipo unaona ndi maso ako. Kamakina kanachita zimene ndinakauza. Kasiye kali kotseka.

Utuchi wonyowawo uyambe kutulutsa ndi wilibala usanayambe nkhungu, ndipo utsegule zenera la chipindacho masana. Ntchito yanga ithera mu Epulo. Ndibwera, ndikonza siling'i, ndikawatenga. Stefania umuuze kuti ku Yorkton akhalako mongoyembekezera, asasaine pepala lililonse la nthawi yaitali.

Wako,
Orest

4 Epulo 1982

Wokondedwa Lesia,

Moni kwa iwe ndi Darka. Ndamva kuti msana ukukuwawa ndi wilibala ija, utuchi wotsalawo usiye ndidzamaliza ine. Kuno chipale chayamba kusungunuka, pakampu ponse ndi matope.

Lero masana ndaimba foni kunyumba ya okalamba. Ndakhala milungu itatu ndikufika pafonipo n'kubwerera, mpaka Ambrose anandikoka malaya, amvekere, "Aise, ukuyembekeza kuti foniyo ikupepesere yokha?" Anaima pakhomo kuletsa anthu kuti asapange mzere.

Namwino anakawaitana. Ndinamva ndodo yawo ikubwera pang'onopang'ono.

"Tato, ndine Orest."

"Ndamva."

"Mukupeza bwanji?"

"Kamfuno wabwerera. Mpweya wa kuno ndi wouma ngati m'nkhokwe ya tirigu. Kamakina kako kaja kanali kabwino, chikhala unakadziwira malire."

Sindinayembekezere zimenezo. Iwo anapitiriza okha. "Lesia akuti zala wasiya kumgodi. Hamala uzigwira ndi lamanzere, uzolowera, amalume ako ataduka zala anazolowera. Tamvera. Utuchi wonyowawo uchotse wonse, usasiyeko ngakhale wodzaza chipewa. Matabwa aume mwezi wathunthu usanakhome siling'i yatsopano. Kachitseko ka m'denga ukamate m'mbali ndi mphira. Ukumva?"

"Ndikumva, Tato. Ndiye mudzakhale pampando muzidzandiuza. Pofika Juni chipinda chanu chatha."

Kumbuyo kwawo ndinkamva wailesi ndi mbale zikugundana.

"Kunonso amakhoma zitseko, Orest. Cha kukhitchini, cha kumasitepe, zonse. Koma okhomawo ndi ana a eni, ali pantchito, sandidziwa. Ndikapeza chokhoma ndimangobwerera, sindimva kanthu."

"Tato, ndinalakwa. Ndinkaopa kuti mugwa."

"Ndikudziwa. Sindinakwiye. Chipindacho umupatse Darka, wakula."

Ndinati nanga lonjezo langa la pamaliro a Mama. Iwo anati, "Unalonjeza iwe. Ine sunandifunse." Kenako anati belu la tiyi lalira, akachedwa apeza wozizira.

Ndakhala pabedi pano kuyambira nthawi imeneyo. Ndinayamba kulemba mawu oti ndikawanyengerere nawo ndikafika, ndinalembanso kuti mwina Darka akawapempha angalole, koma pepalalo ndang'amba. Anena okha chimene akufuna, ndipo ulendo uno ndamva. Zikundiwawa kwambiri, Lesia. Sindikudziwa kuti ndidzalowa bwanji m'khitchini muja.

Lamlungu likubwerali uwapititsire mpando wawo wa pazenera, wailesi yawo yaing'ono ndi chithunzi cha Mama. Ufunse namwino ngati amalola kabeseni ka madzi pachitsulo chotenthetsera chipinda, chifukwa cha kamfunoyo. Uyambe wawafunsa eni akewo ngati akufuna. Stefania umuuze kuti mapepala aja akhoza kusaina tsopano.

Kamakina kaja ukhuthule madzi otsala m'kabeseni, utsuke ndi viniga, siponji yakaleyo utaye, kakhale kouma mpaka Okutobala. Ndifika pa 24 ndi basi yamasana. Usavutike kudzandichingamira, katundu ndi wochepa.

Darka usamuuze zambiri. Ungomufunsa kuti akufuna penti ya mtundu wanji.

Ndine mwamuna wako,
Orest